Wangotembenuka kumene: tim'patse ntchito kapena adikire?

Kalata yanu yandisowetsa tulo, achimwene. Mwandiuza za mnyamata amene wabatizidwa posachedwa, akufuna kumapemphera ndi anzake akuntchito komanso kumayendera akaidi, koma akulu ampingo akuti ayambe wadikira mpaka adzapite kusukulu ya Baibulo. Mukufunsa kuti olondola ndani.

Ine nditatembenuka, mpingo unandilandira bwino ndithu. Ndinalowa kalasi, ndinabatizidwa, kenako ndinakhala pabenchi. Lamlungu lililonse kubwera, kuimba, kupereka, kubwerera. Mumtima munkayaka, koma panalibe wondifunsa kuti ndingathe chiyani. Amene anandidzutsa ndi mayi ena achikulire, opanda udindo uliwonse mumpingo, amene ankayendera odwala. Tsiku lina anangoti, "Mwanangu, ndinyamulire chikwamachi, tiye." Poyamba ntchito yanga inali kunyamula basi. Ndinkaona mmene ankakhalira pansi pafupi ndi wodwala asanatsegule Baibulo, mmene ankakhalira chete munthu akamalira. Patapita nthawi anayamba kundipatsa ndime yoti ndiwerenge, kenako pemphero lotsekera. Pobwerera ankandifunsa kuti ndaonapo chiyani, n'kundiuza kuti vesi limene ndawerenga ndikaliwerengenso pamodzi ndi mutu wake wonse. Zambiri zimene ndimachita mu utumiki lero ndinazitola pamaulendo amenewo.

N'chifukwa chake mawu oti "adikire" akundiwawa. Ndikudziwa kumene kudikirako kumathera. Ambiri amene amauzidwa zimenezi kusukuluko sadzapitako n'komwe: ali pantchito, ali ndi ana, ndalama palibe. Ena amazirala n'kungokhala. Ena amatopa, n'kuchoka kukayambitsa kagulu kawo popanda wowayang'anira, ndipo akasokonekera timati tinanena ife.

Akulu ampingowo ali ndi vesi lawo, ndipo sindilipeputsa. Pa 1 Timoteo 3:6 Paulo akuti woyang'anira mpingo asakhale wongotembenuka kumene, kuopa kuti angadzitukumule. Zoona zimenezo, ndaonapo achinyamata akuonongeka chifukwa chokwezedwa msanga. Koma Paulo akunena za mpando wa woyang'anira. Sakuletsa munthu kuuza mnzake zimene Yesu wam'chitira. Pa Marko 5, munthu uja anatulutsidwa ziwanda anapempha kuti apite ndi Yesu, koma Yesu anam'tuma kwawo nthawi yomweyo, ndipo iye anakafalitsa nkhaniyo ku Dekapoli. Apolo nayenso anayamba kuphunzitsa ku Efeso akudziwa ubatizo wa Yohane wokha. Priskila ndi Akula atamumva sanam'tseke pakamwa. Anam'tengera pambali n'kumufotokozera njira ya Mulungu bwinobwino, ndipo mpingo unam'lembera kalata yom'vomereza popita ku Akaya.

Ndinena mosabisa: mpingo umene umaphunzitsa okhulupirira atsopano kukhala omvera okhaokha ukulakwa. Aefeso 4:11-12 akuti abusa ndi aphunzitsi anaperekedwa kuti akonzekeretse oyera mtima ku ntchito ya utumiki. Mbusa amene amagwira zonse yekha, ngakhale atakhala wakhama chotani, wasiya ntchito imene anaitanidwira.

Vutoli si lachilendo. John Wesley, woyambitsa gulu la Methodist ku England, atamva kuti Thomas Maxfield, munthu wosadzozedwa, wayamba kulalikira ku London, anathamangira komweko kuti akam'letse. Mayi ake a Wesley, Susanna, ndi amene anam'langiza kuti ayambe wamumvetsera. Anamumvetsera, n'kumulola, ndipo alaliki osadzozedwa ndi amene anadzanyamula gawo lalikulu la chitsitsimutso cha Methodist. Kuyambira 1742 ku Bristol, otsatira a Wesley ankagawidwa m'timagulu ta anthu pafupifupi 12 tokumana sabata iliyonse, ndipo atsogoleri atsopano ankaonekera mmenemo. Nakonso ku Guatemala, mu 1963, sukulu ya ubusa ya mpingo wa Presbyterian inaona kuti atsogoleri enieni a mipingo yakumudzi ndi anthu amabanja amene sangasiye minda yawo kukakhala kusukulu zaka zingapo. Aphunzitsi anayamba kuwatsatira komweko, ophunzira n'kumawerenga kunyumba akupitiriza kutumikira. Njira imeneyi inafalikira m'maiko ambiri. Sindikunyoza sukulu ayi, wofuna kukhala mbusa aphunzire mozama. Chimene ndikukana n'chakuti sukulu ikhale chipata chokhacho.

Pali chinanso chimene chimandidandaulitsa. Tikati utumiki, ambiri timaona guwa basi. Koma mnyamata wanuyo amakhala ndi anzake akuntchito masiku ambiri pasabata, anthu amene mbusa sadzawaona n'komwe. Akudziwa amene banja lake likutha, amene wamira m'ngongole, amene amamwa kuti agone. Kodi tim'konzekeretse kuwerenga zolengeza m'tchalitchi, n'kumusiya wopanda chonena kumeneko? Komabe kunja kwa tchalitchi n'kumenenso munthu amagwa mosavuta, chifukwa kulibe womuona. Ndiye akufunika woyenda naye kwambiri kuposa amene amatumikira m'kati.

Nanga mutani?

Musakangane ndi akuluwo. Apempheni chinthu chimodzi: asankhe Mkhristu wokhwima woti mnyamatayo azitsagana naye, kapena mudzipereke inuyo. Ayambe ndi kuonerera, kenako azithandiza, kenako azichita mkuluyo akuona. Sabata iliyonse akhale pansi awiriwo, awerenge Uthenga Wabwino umodzi kuyambira pachiyambi mpaka kumapeto, ndipo mkuluyo azim'funsanso za moyo wake wakunyumba. Kundende asapite yekha, alowe kudzera kwa mbusa wa kundendeko kapena gulu limene lili ndi chilolezo. Kuntchito azipemphera nawo pa nthawi yopuma, osati ya abwana. Ubatizo ndi Mgonero azisiyire amene mpingo unawaika, ndipo ngati kagulu ka kuntchitoko kayamba kusonkha ndalama, asazigwire iyeyo.