Gulu lopanda satifiketi ndi alawansi: mwana asiye kapena apitirize?

Mayi wina wa ku Chibavi wandilembera za mwana wake wamkazi. Mtsikanayu adamaliza dipuloma ya za chitukuko cha m'madera, ndipo pano akuphunzira ntchito mu ofesi ina ya boma muno mu Mzuzu. Abwana ake amulowetsa m'gulu la anthu 6, mwa iwo namwino, mphunzitsi wamkulu ndi mlangizi wa zaumoyo, lomwe limakumana kamodzi pa mwezi. Akuti njira yake ndi action learning, kutanthauza kuphunzira pofunsana ndi kuchitapo kanthu pa mavuto enieni a pantchito. Mayiwo akudandaula kuti kumeneko kulibe mphunzitsi, mayeso, satifiketi, ngakhale kangachepe ka thiransipoti, ndiye akufunsa ngati sikungakhale bwino kuti mwanayo asiye n'kukayamba kosi ina.

Mayi, asasiye. Zoti pepala sadzalandira n'zoona, ndipo aliyense amene angakuuzeni kuti gululi lilowa m'malo mwa digiri akukunamizani. Koma limuphunzitsa zinthu zomwe dipuloma ija sidamuphunzitse.

Njirayi adaiyambitsa ndi Reg Revans, Mngelezi amene adabadwa mu 1907 n'kumwalira mu 2003. Poyamba anali wa sayansi pa yunivesite ya Cambridge, komwe ankaona akatswiri otchuka akukhala pansi pamodzi, aliyense n'kumaulula chomwe chamukanika kuti anzake amufunse mafunso. Mu 1945 adayamba kuyang'anira maphunziro a anthu ogwira ntchito m'migodi ya malasha ku Britain. M'malo moitana akadaulo kuti adzalankhule, adasonkhanitsa mamanijala a migodi m'timagulu, n'kumayenderana ku migodi yawo ndi kufunsana za mavuto omwe aliyense anali nawo. M'zaka za m'ma 1960 adachitanso chimodzimodzi ndi zipatala 10 za mu London. Mfundo yake inali yoti munthu amaphunzira pophatikiza zinthu ziwiri: nzeru zolembedwa kale m'mabuku, ndi luso lofunsa funso loyenera pomwe buku lakhala chete. Mwana wanu choyambacho ali nacho kale.

Revans ankasiyanitsanso mavuto. Alipo omwe yankho lake lilipo, kungoti iwe sukulidziwa, monga kudzaza fomu ya tchuthi kapena kukonza kompyuta yomwe yakana kuyaka. Amenewo ngopita nawo kwa wodziwa, osati kutayira nthawi gulu. Ndiye pali ena oti anthu anzeru ndithu amatha kusiyana maganizo pa chochita: zinyalala zomwe zimadzazanso m'ngalande sabata imodzi mutayeretsa, komiti ya madzi yomwe idagwa chifukwa cha ndalama, atsikana omwe amasowa m'kalasi akafika Sitandade 7. Chiyambire 1998, pomwe lamulo la maboma aang'ono ndi ndondomeko ya mphamvu ku anthu zidakhazikitsidwa, mavuto otere adatulidwa m'manja mwa makhonsolo ndi makomiti a m'madera, ndipo palibe ofesi imodzi yomwe ingawathetse payokha.

Tiyerekeze tsiku la msonkhano. Mlangizi wa zaumoyo uja wapatsidwa mphindi 10 kuti afotokoze lake: amayi amabwera bwino kusikelo mpaka mwana atabayidwa katemera wa chikuku wa miyezi 9, koma wachiwiri, wa miyezi 15, ambiri sabwereranso. Mwachizolowezi wina akadadumphira kunena kuti "tiitanitse msonkhano kwa amfumu, tiwaphunzitse." M'gulu muno zimenezo n'zoletsedwa, ena onse amangofunsa. Mphunzitsi wamkulu afunsa kuti, "Mwa amene sadabwerewo, mwacheza ndi angati?" Namwino naye: "Tsiku lobwereranso mumalemba m'buku la mwana, kapena mumangonena pakamwa?" Mwana wanu, yemwe ndi wamng'ono pa onse, atha kufunsa ngati sikelo imachitika nthawi yomwe amayiwo amakhala ali kumsika kukapikula tomato, kapenanso ngati njira yotsika m'zigwa za ku Masasa imayendeka ndi mwana wolemera kumsana mvula ikamagwa. Mlangizi uja azindikira kuti wakhala akunena kuti amayi ndi osasamala, chonsecho sadafunsepo ndi mmodzi yemwe. Asanabalalike alonjeza chinthu chimodzi chooneka, monga kuyendera makomo 10. Mwezi wamawa mawu oyamba adzakhala akuti, "Mudapita? Mudapeza chiyani?" Funso lomalizali ndilo limasiyanitsa gulu lotere ndi misonkhano yambiri yomwe timaidziwa.

Ndinene za alawansi, popeza mwaitchula. Tidazolowera kuti maphunziro a apantchito ndiwo wekishopu ya kunyanja ku Chintheche, chakudya cha hotela ndi envulopu tsiku lotsiriza. Sindinyoza, malipiro ndi ochepa ndipo envulopuyo imalipira fizi. Koma ambiri amabwerako ndi chikwama ndi mapepala omwe sawatsegulanso. Kwa mtsikana wongoyamba kumene, kudziwana ndi namwino ndi mphunzitsi wamkulu omwe amuona akuganiza n'kopindulitsa kuposa envulopu imodzi. Ya kabaza yokha ndiye ayenera kuipempha ku ofesi, si manyazi.

Magulu otere amafanso, ndipo mumufunse zinthu zingapo kuti mudziwe ngati lakelo lili moyo. Chachikulu chomwe chimawapha ndi ulemu wathu womwewu. Ngati abwana ake enieni ali m'gulu lomwelo, mwana woleredwa bwino sangawafunse kuti "bwanji simudachite zomwe mudalonjeza?", ndipo sangaulule kuti ntchito ina yamukanika. Gulu limayenda bwino anthu akachokera m'maofesi osiyana, ndipo zokambidwa zizithera momwemo. China, kodi iye ali ndi vuto lakelake lomwe waloledwa kuchitapo kanthu, kapena adamutenga kuti azilemba maminitsi? Ngati ndi wolemba chabe, apite kwa abwanawo mwaulemu akapemphe kantchito kamodzi, ngakhale kakang'ono. Gulu likasanduka bwalo lodandaulira za mafuta a galimoto ndi malipiro ochedwa, mwezi ndi mwezi popanda wolonjeza kanthu, pamenepo ndiye nthawi yake ikutayikadi.

Kwa iwe mtsikana, gula kope. Ukachoka ku msonkhano uliwonse lemba vuto, zomwe adakufunsa, zomwe udayesa ndi zomwe zidatuluka, kuphatikizapo zomwe zidalephereka. Pa intaviyu ya ntchito za boma kapena za mabungwe amakonda kufunsa za vuto lomwe udakumana nalo ndi momwe udalithetsera. Anzako ambiri adzalakatula za m'buku, iwe udzatchula dera, anthu ndi miyezi. Gulu likamatha, nthawi zambiri pakadutsa miyezi 6 mpaka chaka, pempha abwana kalata yofotokoza ntchito yomwe udagwira, uiike pamodzi ndi dipuloma yako.

Za kosi ija, Mayi, ndalama zikapezeka ayambe ndithu, chifukwa kukwezedwa m'boma kumayang'anabe mapepala. Mzuzu University ku Luwinga ili ndi maphunziro ena omwe munthu amachita ali pantchito, ndiye akafunse ku ofesi yolembera ophunzira ngati gawo lake lilipo. Kosi ndi gulu sizilimbana, popeza gululo limangofuna theka la tsiku pa mwezi.