Mafunso a Owerenga: Kodi Gawo la Podcast Ndilipatse Mutu Wotani?

Makalata anayi amene tasankha mwezi uno achokera kwa owerenga amene amajambula ma podcast, mapulogalamu a mawu amene anthu amamvera kudzera pa intaneti, ndipo onse akufunsa za mitu ya magawo awo. Kalata yoyamba tayiyankha motalikirapo chifukwa ndi imene yafika pagwero la vuto.

FUNSO: Akonzi, ine ndi mnzanga takhala tikujambula podcast yokamba za kulera ana kwa chaka ndi theka tsopano, ndipo tatulutsa magawo 43. Timayesetsa kuti mawu azimveka bwino, timaitananso alendo odziwa ntchito yawo, koma omvera sakuchuluka. Mitu yathu timailemba motere: "Gawo 41: Kucheza ndi mlendo wathu", "Gawo 42: Mafunso ndi mayankho". Mlongo wanga akuti vuto ndi mitu imeneyi. Kodi mutu ungalepheretsedi munthu kumvera pulogalamu yabwino? Ndine mayi wa ana atatu.

YANKHO: Mayi, alongo anuwo anena zoona, ndipo ndikupempheni kuti muchite kanthu kamodzi musanapitirize kuwerenga. Tengani foni yanu, mutsegule app imene mumamverera ma podcast, mufufuze pulogalamu yanu, kenako muyang'ane mndandanda wa magawo ngati munthu amene sakukudziwani n'komwe. Muona kuti malo a mutu ndi ochepa kwambiri, mzere umodzi kapena iwiri basi, ndipo mawu otsala amadulidwa, m'malo mwake n'kubwera timadontho titatu. Munthu amene chala chake chikungoyenderera pagalasi la foni awerenga kuti "Gawo 41: Kucheza ndi mle..." n'kupitirira, chifukwa sanauzidwe kuti mlendoyo ndi ndani, mwakambirana zotani, kapena chimene iye apindule akakupatsani mphindi 40 za tsiku lake. Kumveka bwino kwa mawu anu ndi nzeru za alendo anu zimagwira ntchito munthu akayamba kumvera. Asanayambe, chimene ali nacho m'maso ndi mutu ndi chithunzi cha pulogalamu, palibenso china.

Anthu amene amakukondani kale amvera gawo lililonse ngakhale mutangolipatsa nambala. Mutu simulembera iwowo ayi. Mumalembera kholo limene silinamvepo dzina lanu, limene mwana walisowetsa tulo usiku wonse, ndipo m'mawa likufunafuna wina woti alithandize maganizo. Tiyerekeze kuti m'gawo 41 munacheza ndi namwino za ana ovuta kugona. Mutalemba kuti "Mwana akamakana kugona usiku: malangizo a namwino", kholo lija lidziona lokha m'mawu anayi oyambirirawo, ndipo ngakhale foni itadula mawu otsatirawo, uthenga wafika kale. N'chifukwa chake mawu olemera kwambiri ayenera kukhala koyambirira kwa mutu, ndipo akhale mawu amene kholo lingalankhule lokha podandaula kwa mnzake, osati mawu a m'mabuku a akatswiri. Palibe mayi amene amadzuka n'kunena kuti akufuna "kasamalidwe ka tulo mwa ana achichepere". Amanena kuti mwana sakugona.

Mitu yabwino simabwera munthu akatopa ndi kukonza mawu, atangotsala pang'ono kutumiza gawo pa intaneti, ndipo ndikukhulupirira kuti mitu yanu yambiri inalembedwa pa nthawi ngati imeneyo. Mukamaliza kukonza gawo, limvereninso muli ndi cholembera m'manja, ndipo mulembe malo amene inuyo munadabwa, pamene mlendo ananena chinthu chimene simunkachiyembekezera, kapena pamene nonse munakhala chete kwa kanthawi. Kawirikawiri mutu umabisala pamenepo. Lembani mitu isanu kapena khumi yosiyanasiyana musanasankhe, chifukwa woyamba kubwera m'maganizo nthawi zambiri umakhala wongotchula nkhani mwachisawawa. Mukatero, sonyezani iwiri kapena itatu kwa munthu amene sanamvere gawolo, alongo anu omwewo angathandize, ndipo muwafunse kuti akuyembekezera kumva zotani. Ngati zimene anena zikufanana ndi zimene zili m'gawomo, ndipo akuoneka kuti akufuna kumva zambiri, mutu umenewo ndi woyenera.

Za nambala, ichotseni kumayambiriro kwa mutu. M'chaka cha 2017 kampani ya Apple inakhazikitsa malo apadera olembapo nambala ya gawo, nambala ya chigawo chachikulu cha pulogalamu, komanso mtundu wa gawolo, kaya ndi lathunthu, lolengeza chabe, kapena loonjezera. Makampani ambiri osunga ma podcast ali ndi timabokosi timeneti pa tsamba limene mumatumizira gawo, ndipo mukalemba nambala mmenemo simufunikanso kuwononga malo a mutu. Ngati mumakonda kuuza omvera kuti abwerere ku gawo 12 ndipo mukuopa kuti asochera, ikani nambalayo kumapeto kwa mutu. Dzina la pulogalamu nalonso musalibwereze m'mutu uliwonse, popeza limaoneka kale pambali pake pamodzi ndi chithunzi.

Pali chifukwa chinanso chimene chimandichititsa kuumirira pa nkhaniyi. Podcast imafika ku Apple Podcasts ndi ma app ena ambiri kudzera mu fayilo yotchedwa RSS, imene imanyamula mutu, mawu ofotokozera gawo, ndi adiresi ya pamene mawu ojambulidwawo asungidwa. Munthu akamafufuza, makina amadalira kwambiri zolembedwazo. N'zoona kuti mu Marichi 2024 Apple inayamba kusandutsa yokha zolankhula za m'ma podcast kukhala zolemba, koma inayamba ndi zinenero zinayi zokha: Chingerezi, Chifalansa, Chisipanishi ndi Chijeremani. Kwa amene timajambula m'zinenero zimene makinawa sanazizolowere, chilichonse chimene sitinachilembe m'mutu kapena m'mawu ofotokozera chimakhala ngati chakwiriridwa. Namwino wanu uja akhoza kulankhula zanzeru kwa ola lathunthu, koma ngati mawu akuti "kugona" sapezeka paliponse m'zolembedwa, kholo lofufuza silidzamupeza.

FUNSO: Akonzi, ndimaona kuti mitu monga "Simukhulupirira zimene ananena!" kapena "Chinsinsi chimene akhala akukubisirani" imakopa anthu ambiri pa YouTube ndi pa Facebook. Podcast yanga ndi ya malangizo kwa achinyamata ofuna ntchito. Kodi n'kulakwa nditayamba kulemba mitu yotere kuti nanenso ndipeze omvera? Ndine mnyamata wongoyamba kumene.

YANKHO: Achimwene, ndikumvetsa chimene chikukukokerani kumeneko, chifukwa n'zopweteka kuthera masiku mukukonza gawo kenako n'kuona kuti alimvera ndi anthu owerengeka. Komabe ndikuletsani. Mutu ndi lonjezo, ndipo omvera amabwera kudzatenga chimene mwawalonjeza. Mukawauza kuti pali chinsinsi, iwo n'kupeza malangizo wamba amene anawamva kale kwina, aona kuti ndi chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo ulendo wina akaona dzina lanu adutsa osaima. Kanema wamfupi wa pa intaneti angathe kupindula ndi munthu wobwera kamodzi n'kuchoka, koma podcast imakula ndi anthu obwerera sabata ndi sabata, amene amakulolani kulankhula m'makutu mwawo akuyenda, akugwira ntchito kapena akupuma. Ubale wotere suyambika ndi chinyengo.

Sindikunena kuti mutu uzikhala wozizira. Chidwi n'chofunika, koma chichokere m'nkhani yeniyeniyo. Yerekezerani mitu iwiri iyi ya gawo limodzi. Woyamba ukuti "Cholakwa choopsa chimene chikukulepheretsani kupeza ntchito!" Wachiwiri ukuti "Akakufunsani za malipiro pa intavyu, muyankhe bwanji?" Woyambawo ukukuwa koma sunanene kanthu, ndipo ukhoza kuikidwa pa gawo lina lililonse. Wachiwiriwo watchula mphindi imene aliyense wofuna ntchito amaiopa, ali pampando moyang'anizana ndi omufunsa, pakamwa pauma, osadziwa ngati atchule ndalama zambiri kapena zochepa. Yankho silinaululidwe m'mutumo, choncho chifukwa chomverera chilipo, koma munthu akudziwa bwino chimene akukatenga. Muyeso wake ndi wosavuta: ngati mutu wanu ungakwanire pa gawo lina lililonse la pulogalamu yanu, ndiye kuti sunafike pa nkhani.

Mukafuna kudziwa ngati mitu yanu ikusunga malonjezo, musangoyang'ana chiwerengero cha madawunilodi. Malinga ndi muyeso wa bungwe la IAB Tech Lab, umene makampani ambiri osunga ma podcast amatsatira, dawunilodi imawerengedwa foni ikangokopera gawo la fayilo lokwana mphindi imodzi, ndipo mafoni a anthu amene amatsatira pulogalamu yanu amatha kukopera okha magawo atsopano mwini wake asanawerenge n'komwe mutu. Chimene chingakuuzeni zoona chili mu Apple Podcasts Connect ndi mu Spotify for Creators, masamba a eni ma podcast, momwe mumaona mzere wosonyeza pamene omvera anasiyira gawo. Ngati ambiri akuyamba gawo n'kulisiya m'mphindi zoyambirira, chimodzi mwa zinthu zoyamba kuzikayikira ndi kusagwirizana kwa mutu ndi zimene anapeza. Nthawi zina vuto limakhala lakuti nkhani yolonjezedwayo ilimo ndithu koma ikuyamba pa mphindi ya 15, pambuyo pa malonje ataliatali, ndipo apo chofunika kukonza ndi gawolo, osati mutu.

Zilembo zazikulu zokhazokha ndi zizindikiro za mfuu zitatuzitatu zisiyeninso. Mukulangiza anthu za tsogolo lawo, ndipo mlangizi wodalirika salankhula mokalipa.

FUNSO: Akonzi, pulogalamu yanga ndi yocheza ndi alendo. Kodi dzina la mlendo lizikhala m'mutu? Nanga mutu uzitalika bwanji? Ndine bambo wojambula nkhani za umoyo.

YANKHO: Bambo, dzina liikeni, chifukwa ndi ulemu kwa mlendoyo, ndiponso anthu omudziwa akhoza kulifufuza, koma malo ake atengera kutchuka kwake. Ngati ndi munthu amene omvera anu angamuzindikire pongoona dzina, liyambe ndilo. Ngati sakudziwika kwenikweni kunja kwa ntchito yake, yambani ndi nkhani, ndipo dzina ndi udindo wake zibwere pambuyo, monga "Kuthamanga kwa magazi mwa achinyamata: kucheza ndi Dokotala uje". Onetsetsani kuti mwalemba dzinalo molondola ndipo mwamufunsa mwini wake udindo umene akufuna kutchulidwa nawo.

Za kutalika, YouTube salola mutu wopitirira zilembo 100, koma musadikire kufika pamenepo, popeza foni imadula mutu kutali kwambiri malirewo asanakwane. Mawu a chinenero chathu ndi ataliatali, choncho mawu asanu mpaka asanu ndi atatu amakhala atadzaza kale malo ooneka. Zina zonse zipite m'mawu ofotokozera gawo, ndipo chiganizo choyamba cha mawuwo chipitirize pamene mutu wasiyira m'malo moubwereza. Pewani kuunjika m'mutu mawu ambirimbiri ongofuna kuti makina ofufuzira akupezeni, chifukwa malamulo a Apple Podcasts amaletsa mchitidwe umenewu, ndipo ngakhale kwa munthu wowerenga mutu wotere umaoneka ngati mndandanda wa katundu.

FUNSO: Akonzi, ndazindikira kuti mitu ya magawo anga akale si yabwino. Ndikuopa kuti ndikaisintha, magawowo asowa kapena afika kawiri m'mafoni a omvera anga. Nditani? Ndine mphunzitsi wopuma pantchito.

YANKHO: Aphunzitsi, musaope, isintheni. Gawo lililonse mu RSS lili ndi chizindikiro chake chosasintha chotchedwa GUID, ndipo ma app amazindikira gawo ndi chizindikiro chimenechi, osati ndi mutu. Mukalowa pa tsamba la kampani imene imasunga podcast yanu n'kukonza mutu wokha, GUID imakhala yomweyo, choncho gawolo limakhalabe pamalo pake ndi chiwerengero chake. Chimene muyenera kupewa ndi kufufuta gawo n'kulitumizanso, chifukwa mukatero limapatsidwa chizindikiro chatsopano ndipo limaoneka ngati gawo lina. Mutu watsopano suonekera nthawi yomweyo m'ma app onse, popeza iliyonse imayang'ana RSS pa nthawi yake, choncho mupirire pang'ono musanaganize kuti zalephereka. Ngati muli ndi webusayiti imene adiresi ya tsamba lililonse imachokera ku mutu wa gawo, onetsetsani kuti adiresi yakaleyo sinasinthe, kuopera kuti amene munawatumizira kale angapeze tsamba losatseguka.

Simufunika kukonza magawo onse tsiku limodzi. Yambani ndi asanu kapena khumi amene nkhani zake sizikalamba ndiponso amene inuyo mumawanyadira, chifukwa ndi amene munthu watsopano angawapeze chaka chamawa n'kupindula nawo. Lembani penapake tsiku limene mwasintha mutu uliwonse pamodzi ndi mutu wakalewo, ndipo pakatha mwezi umodzi kapena iwiri muyerekezere kuchuluka kwa omvera magawowo ndi mmene zinalili musanasinthe.