Yankho kwa achemwali pa nkhani ya ngongole zing'onozing'ono

Achemwali, moni kumeneko. Funso lanu lija ndaliona, loti kodi mabungwe obwereketsa timipamba ting'onoting'onowa amachotsadi munthu mu umphawi, kapena amangomusenzetsa mtolo wina. Ndingoyankha pakamwa, kulemba kunditalikira.

Zimenezitu zinatchukira ku Bangladesh. Mu 1976 a Muhammad Yunus, mphunzitsi wa zachuma, anakongoza madola 27 okha kwa anthu 42 a m'mudzi wa Jobra, ena mwa iwo amayi oluka mipando ya nsungwi. Amayiwo ankakhetsa thukuta tsiku lonse, phindu n'kumathera kwa akatapila owapatsa ndalama yogulira nsungwizo. Pofika 1983 a Yunus anakhazikitsa Grameen Bank, banki yokongoza anthu osauka, mu 2006 iwo ndi bankiyo mpaka analandira mphoto ya Nobel. Ndiye dziko lonse lapansi linati basi, mankhwala a umphawi apezeka.

Koma ayi, sizinafike pamenepo. Mu 2015 kunatuluka zotsatira za kafukufuku wa m'mayiko 6, kuphatikizapo India, Ethiopia, Mexico ndi Morocco. Mabizinesi ena anakuladi, koma ndalama zolowa pakhomo pa anthu ambiri sizinasinthe kwenikweni. Amene anaonako phindu makamaka ndi omwe anali kale ndi geni yoyenda.

Apa ndiye pagona nkhani, achemwali. Ngongole zambirizi umayamba kubweza pakangotha sabata imodzi kapena ziwiri. Wogulitsa katundu wotuluka tsiku ndi tsiku angakwanitse, eya. Nanga amene waikwirira m'munda kudikira kukolola? Nanga amene walipirira mwana fizi, kapena wadwazika matenda? Ndalamayo siibereka msanga, tsiku lobweza lafika, ndiye amakakongola kwina kuti atseke kuno. Ku Andhra Pradesh, ku India, mu 2010 zinafika poipa mpaka boma linaika lamulo loletsa kusautsa anthu polonjerera ngongole.

Komanso paja chikole chake ndi gulu. Mmodzi akalephera, onse mumamusonkhera, ndipo amene amabwera pakhomo kudzanyamula ziwiya si abwana a ku ofesi ayi, ndi anzake omwe amakhala nawo pamsonkhano. Chibale chimathera pomwepo.

Ine ndimakonda anthu akayamba ndi kusunga, ngati mmene amachitira a banki m'khonde, chifukwa chiwongoladzanja chimabwerera kwa eni ake pogawana.

Ngati pali amene mukumufunsira, akafunse kaye kuti chiwongoladzanjacho akuwerengera pa ndalama yonse imene anatenga, kapena pa imene yatsala, chifukwa zimasiyana kwambiri. Akatero munditumizire pepalalo, tiwerengere limodzi asanasaine.