Mwana wanu apite ku Zanzibar, koma mumuuze za nyanja

Amai ena a ku Chawama kuno ku Lusaka andilembera imelo, ati mwana wawo wamkazi wapeza ntchito pa hotela ku Zanzibar, ndiye iwo aonera mavidiyo a tsunami, mafunde aakulu obwera chifukwa cha chivomezi pansi pa nyanja, pa Facebook ndipo tulo sakuona, akufunsa ngati amuletse. Amai, imelo yanu ndaiwerenga katatu chifukwa mwalankhula ngati mayi anga.

Pamene ndinayamba kupita ku Dar es Salaam kukaoda katundu ku msika wa Kariakoo, mayi anandiperekeza pa siteshoni ya mabasi ya Intercity akulira, ati mwanawe usakayandikire nyanja. Anali ndi chifukwa. Pa 26 Disembala 2004 tinali tikudyabe mpunga wotsala wa Khirisimasi pamene pansi pa nyanja pafupi ndi Sumatra ku Indonesia panachitika chivomezi champhamvu ya 9.1 chimene chinautsa funde la tsunami, ndipo anthu pafupifupi 230,000 anafa m'mayiko 14. Madzi aja anawoloka nyanja yonse, patapita maola ngati 7 anafika kuno ku Africa, ku Somalia anapha anthu pafupifupi 300, ku Dar nako anatenga ena amene amasambira. Pakati pa nyanja fundeli limathamanga ngati ndege, makilomita 800 pa ola. Ndiye mantha anu sindikuwaseka ayi.

Koma madzi amene anatsala pang'ono kundipha ine anali a mu komboni ya Kanyama, muno mu Lusaka. Mvula inagwa usiku wonse, madzi m'nyumba kufika m'mawondo, tinatuluka bwinobwino ndi ana mpaka pa msewu pokwera, basi ine mtima unabwerera ku chikwama cha nsapato zogulitsa chifukwa ndalama zake zinali za chilimba, zija zosonkherana pagulu, ndipo mwezi umenewo ndimayenera kubweza. Ndinabwerera. Mumdima muja sindinaone pamene ngalande yayambira, ndinangomva phazi lapita, madzi m'khosi, akanapanda mnyamata wa aneba kundigwira chitenje bwenzi ana anga ali amasiye chifukwa cha nsapato. Mpaka lero mvula ikagunda pa malata usiku ndimadzuka n'kukhala tsonga.

Ndiye ndinene mosabisa, chimapha anthu ambiri ndi kubwerera komanso kuima n'kumaonerera. Mu 2004 m'malo ena nyanja inathawa kaye, nsomba zili phiriphiri pa mchenga, anthu n'kuthamangira kukatola. Ndipo zimandipweteka kuti tikuopa nyanja ya kutali pomwe muno mu komboni chaka ndi chaka madzi amasakanikirana ndi zimbudzi, mu Januwale 2024 odwala kolera anachita kuwagoneka ku Heroes Stadium, mwaiwala? Abale athu ku Blantyre mu Malichi 2023, nthawi ya namondwe Freddy, napolo anatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, kumtunda kwenikweni kopanda nyanja. Kumusunga mwana pakhomo sikumuteteza, ine ndikukana, mumulanda ntchito chabe.

Chimene chimapulumutsa ndi kudziwiratu. Kamtsikana ka zaka 10 ka ku England, Tilly Smith, kanali ku Phuket ku Thailand tsiku lija, kanaona madzi akuchita thovu ndi kubwerera m'mbuyo, kanakumbukira zimene aphunzitsi anawauza masabata awiri m'mbuyomo, kanakuwa mpaka akulu anamva n'kuchotsa anthu onse pagombepo. Pa chilumba cha Simeulue, pafupi kwambiri ndi pomwe chivomezi chinayambira, anafa ochepa zedi chifukwa agogo awo anawasiyira nthano ya smong, yoti nthaka ikagwedezeka nyanja n'kuphwa, thawira kuphiri. Nthano chabe ya pamoto, ngati zimene ife tasiya kuuza ana.

Zoti mumuuze

Ku Zanzibar, makamaka mbali ya Paje ndi Jambiani, madzi amabwerera kutali tsiku lililonse, pang'onopang'ono kwa maola ngati 6, amai a kumeneko amalowa kukakolola ndere zawo, zimenezo asaope. Choopsa ndi pamene nthaka yagwedezeka mwamphamvu kapena nthawi yaitali, kapena nyanja yathawa m'mphindi zochepa, kapena ikulira ngati sitima. Pamenepo asadikire uthenga pa foni, asajambule vidiyo, athamange wapansi kupita pokwera, mamita 30 m'mwamba kapena makilomita awiri atatu kuchoka pagombe, zikakanika akwere pamwamba pa nyumba yolimba ya konkire. Funde loyamba nthawi zambiri silikhala lalikulu kuposa onse, ena amabwera pambuyo kwa maola angapo, asatsike mpaka aboma anene.

Akangofika afunse abwana ake njira yothawira n'kuiyenda yekha kamodzi masana. Pasipoti aike mu pulasitiki pafupi ndi chitseko, koma madzi akamupeza ali kutali nayo aisiye, ina tidzakatenga kuno ku Lusaka.