Yankho la amalume pa nkhani yolemba dayale

Eya mphwanga, uthenga wako ndaumva. Ndati ndikuyankhe ndi mawu chifukwa nkhaniyi ndi yaitali, ndipo enanu amene muli pa gulu lino mumvere nawo, ikukukhudzaninso.

Ukuti chiyambire ntchito ku Lilongwe masiku akungodutsa osadziwa chimene wachita, ndalama zikutha osaona komwe zalowera, mtima ukupsa msanga, ndiye mnzako wakuuza kuti uzilemba dayale tsiku ndi tsiku. Ukufunsa ngati zimathandizadi kapena ndi zongotengera kwa azungu, komanso kuti uzilembamo chiyani.

Zimathandiza, ine ndikutsimikizire. Koma umve bwino apa, chifukwa ambiri amasiyira panjira poyembekezera thandizo pamalo olakwika. Usiku umene ukulembawo suona chachilendo, ndi mizere chabe. Phindu limabwera tsiku limene udzatsegule kopelo n'kuwerenga zimene unalemba miyezi itatu kapena chaka chapitacho. Mutu wa munthu umakonza nkhani, mphwanga. Zimene zinatichititsa manyazi umazifewetsa, zimene anatilakwira ena umazikuza, zabwino zing'onozing'ono umazitaya. Pepala lolembedwa tsiku lomwelo silisintha mawu.

Taona izi. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti. Lero funsa anthu asanu kuti shuga kapena sopo ankagula ndalama zingati mwezi umenewo usanafike, aliyense akuuza mtengo wake, ndipo aliyense alumbira kuti akukumbukira bwino. Chimodzimodzi mvula. Chaka cha El Niño chija, mu Malichi 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi ya chilala. Kuno kumudzi anthu amatsutsana mpaka pano kuti ng'amba inayamba liti, ena akuti chimanga chinali m'mawondo, ena akuti chinali chitamasula. Ine m'kope langa ndimalemba tsiku limene mvula yagwa, tsiku lobzala, tsiku lothira feteleza, ndiye ndikafuna kudziwa munda umene unapirira ndi chifukwa chake, sindifunsa mutu wanga, ndimatsegula kope. Ngati mutu umatinamiza pa mtengo wa shuga, nanga pa khalidwe lathu lomwe, pamene tili ndi chifukwa chodzikondera?

Pali nkhani ina imene ndinkakonda kuuza ana ndili mphunzitsi. David Livingstone, yemwe uja anafika pa nyanja yathu mu 1859, ankalemba za tsiku ndi tsiku pa maulendo ake. Mu 1871 ali ku Nyangwe, m'mbali mwa mtsinje wa Lualaba ku Congo, mapepala ndi inki zinamuthera. Anatenga nyuzipepala yakale n'kumalemba pamwamba pa zosindikizidwazo, inki yake atapanga kuchokera ku njere za chomera cha komweko. Ndi mmene analembera za tsiku limene ogulitsa akapolo anawombera anthu pa msika, anthu mazanamazana n'kufa, ambiri mwa iwo amayi. Inkiyo inafufutika ndi zaka, koma mu 2011 akatswiri anaiwerenga ndi kuwala kwapadera kwa makina. Chimene anapeza n'chakuti zolemba za tsiku lomwelo zikusiyana ndi zimene anakopera bwinobwino pambuyo pake. M'zoyambazo ankaonetsa mantha akuti mwina anthu ake omwe anali nawo pa ulendo anatengako mbali pa kuphako, koma pokonzanso mawuwo anafewa. Ukuona? Munthu yemweyo, dzanja lomwelo, koma nthawi itadutsa nkhani inasalala. N'chifukwa chake ndikuti lemba lero za lero, ndipo usadzang'ambe tsamba chifukwa lakuchititsa manyazi.

Tsono za mtima wako umene ukuti ukupsa msanga, apa ndiye ndikhalitsepo. Usamangolemba kuti lero ndakwiya. Lemba kuti inali nthawi yanji, unali ndi ndani, chinachitika n'chiyani mphindi zochepa usanakwiye. Lembanso ngati unadya m'mawa, unagona nthawi yanji dzulo lake, ndi ndalama zimene zinatsala m'thumba. Zikuoneka ngati zosagwirizana, koma pakatha miyezi iwiri ukawerenga motsatizana, udzayamba kuona njira imene mkwiyowo umadzera. Mwina udzapeza kuti umabwera mwezi ukapita pa 20, lendi ikuyandikira. Mwina ndi masiku amene waima nthawi yaitali pa depoti kudikira minibasi, wafika ku ntchito mochedwa, abwana ayankhula pagulu. Mwinanso, ndipo ndinene poyera chifukwa tonse tili pano, umabwera ukangolandira foni yochokera kwa ife achibale yopempha ndalama, iwe wavomera pakamwa mtima usakufuna, kenako ukali wake ukukathera pa mnzako wa ku ofesi amene sanalakwe kanthu. Ukachiona cholembedwa ndi dzanja lako kangapo konse, sungachikanenso, ndipo m'pamene umapeza mphamvu yonena kuti amalume, mwezi uno sinditha. Ine ndingakonde undiuze choncho kusiyana n'kuti uzinditumizira ndalama uku ukudwala mumtima.

Za ndalama n'zosavuta. Kumbuyo kwa kope lomwelo uzilemba chilichonse chimene watulutsa, ngakhale ya kabaza, ya mandasi, ya bandulo. Zing'onozing'onozo ndi zimene zimadya malipiro, ndipo ndi zomwe mutu umayamba kuiwala.

Wafunsa ngati ndi za azungu. Ayi. Amayi a banki mkhonde ali ndi buku lawo, mlembi wa mpingo ali ndi lake, mphunzitsi wamkulu aliyense amasunga buku la zochitika pa sukulu. Kusiyana kwake n'kwakuti ili ndi la iwe mwini. Koma n'zoona kuti kunja anachitako kafukufuku. Mu 1986 katswiri wa za maganizo wa ku America, James Pennebaker, anauza ophunzira a pa yunivesite kuti alembe kwa mphindi 15, masiku anayi otsatizana, za chinthu chowawa chimene chinawachitikira. Amene analemba zimene zinachitika pamodzi ndi mmene anamvera mumtima, m'miyezi yotsatira anapita ku chipatala cha pa sukulupo mocheperapo poyerekeza ndi anzawo amene ankalemba nkhani wamba. Chinanso chimene anaona n'chakuti atangomaliza kulemba, ambiri ankayamba amva chisoni. Ndiye ukadzalemba chinthu cholemera n'kumva mtima ukuwawa usiku umenewo, usadabwe, usaganize kuti walakwitsa.

Kayambidwe kake usakachulutse. Gula kope la chikuto cholimba ndi bolopeni, basi. Madayale okwera mtengo aja okhala ndi deti pa tsamba lililonse ine sindiwakonda, chifukwa ukadumpha sabata masamba oyera aja amakuyang'ana ngati ngongole, kenako umangolitaya. M'kope wamba umalemba wekha deti pamwamba, mizere isanu, mphindi khumi, watseka. Ukadumpha masiku, ndipo udzadumpha ndithu, usabwerere kukadzaza za m'mbuyo, ungolemba deti la lero n'kupitiriza. Nthawi yake ikhale imodzimodzi, kaya ukangodya mgonero kaya m'mamawa madzi osamba ali pa moto. Chilankhulo lemba chimene umaganizira. Ngati ndi Chichewa chosakaniza ndi Chingerezi, lemba chomwecho, si chimangirizo cha mayeso a MANEB ichi, palibe adzachonge. Zakuti ndinadzuka, ndinasamba, ndinapita ku ntchito, zisiye. Lemba chimene chakukhudza tsiku limenelo, chimene iwe unachita kapena kuyankha, osati za anzako zokha, ndi kanthu kamodzi kakang'ono koti uchite mawa. Kakang'ono ndithu, monga kupepesa munthu kapena kunyamula chakudya cha masana kuchokera kunyumba. Zakuti kuyambira mawa ndisintha moyo wanga wonse sizigwira. Ndipo tsiku lililonse upezemo chimodzi choyamika Mulungu, ngakhale tsiku loipa. Ine ndimalembanso zimene ndapempherera, ndipo powerenga pakapita nthawi ndimapeza zambiri zinayankhidwa ine osazindikira.

Kuwerenga ndiye usakuiwale. Lamulungu madzulo bwerera pa sabata yonse, pakutha pa mwezi bwerera pa mwezi wonse, bolopeni ili m'manja, uzidula mzere kunsi kwa chinthu chimene chikubwerabwera.

Pa foni kapena pa pepala? Ine ndikuti pepala. Foni imabedwa, imafa, magetsi akazima batire latha, komanso ukaitsegula kuti ulembe umapeza mauthenga a WhatsApp akukudikira, mphindi khumi zija zapita. Koma ndikudziwa kuti mukukhala awiri m'nyumbamo, ndiye ngati ulibe sutikesi yokhoma, bola foni yokhala ndi nambala yachinsinsi kusiyana n'kulemba mwamantha. Munthu akamalemba uku akuganiza kuti wina awerenga, amayamba kudzikometsera, ndipo kopelo latha ntchito. Mayina a anthu uziika chilembo choyamba chokha.

Apa ndilankhule ndi nonse, makamaka makolo ndi inu apabanja. Mukapeza kope la mwana wanu, la mkazi wanu kapena mwamuna wanu, musatsegule. Ndikupemphani ndithu. Zimene munthu walemba atakwiya usiku si chigamulo chake pa inu, ndi njira yake yoziziritsira mtima kuti m'mawa akulankhuleni bwino. Mukawerenga mudzapwetekeka ndi mawu amene mwini wake anawasiya kale, ndipo iye sadzalembanso zoona moyo wake wonse.

Chenjezo limodzi mphwanga. Ukaona kuti sabata ndi sabata ukulemba chisoni chomwechomwecho, tulo sukupeza, chakudya sichikulowa, ntchito imene unkaikonda yakukola, pamenepo kope lachita mbali yake, lakuonetsa kuti pali vuto. Chotsatira ndi kuuza munthu. Mutu umodzi susenza denga. Uza mayi ako, uza ine, uza abusa, kapena pita ku chipatala. Ku Lilongwe komweko kuli a St John of God amene amathandiza pa za maganizo, ku Mzuzu alikonso, ndipo kupitako si manyazi.

Mwezi wamawa ndibwera ku tawuniko kudzaonana ndi adokotala a maso, ndidzakuimbira kuti tikumane. Kope lako sindidzapempha kuliona, ndidzangokufunsa zimene wapezamo. Mayi ako uwaimbire lero lomwe, dzulo amadandaula kuti sabata ino sunawayankhule. Ugone bwino.