Kodi hydrogen peroxide ingalowe m'malo mwa insulin?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene bambo ake omubereka amabaya jakisoni wa insulin tsiku ndi tsiku. Anawerenga pa WhatsApp kuti hydrogen peroxide, mankhwala otsukira zilonda aja, imagwira ntchito m'maselo ngati insulin. Ndiye akufunsa kuti: "Kodi ndi zoona? Nanga bwanji madokotala satiuza, chikhalirecho botolo lake n'lotchipa?"

Mayi, n'zoonadi, ndipo si za lero. Mu 1974 Michael Czech ndi anzake ku America anaona kuti maselo a mafuta ochokera m'thupi la khoswe akakhudzana ndi hydrogen peroxide amayamba kuyamwa shuga monga amachitira akamva insulin. Mu 1979 James May ndi Christoph de Haën anapeza chinanso chodabwitsa: selo likamva insulin, limapanga lokha hydrogen peroxide yochepa.

Mmene zimakhalira ndi umu. Insulin ikachoka mu kapamba imakaima pa puloteni yoilandira yomwe ili pakhungu la selo. Puloteniyo imayamba kumata timagulu ta phosphate pa iyo yokha ndi pa mapuloteni ena monga IRS-1. Kumatako ndiye uthenga, umene umadutsa pa puloteni ya PI3K n'kufika pa ina yotchedwa Akt, mpaka tizitseko totchedwa GLUT4 timatuluka m'kati kupita pakhungu la selo, shuga n'kulowa. Koma muli puloteni ina, PTP1B, imene ntchito yake ndi kumatula phosphate yemweyo kuti uthenga usapitirire mpaka kalekale.

Yerekezani ndowa yobooka imene mwaitchera pampopi. Insulin imatsegula mpopi, PTP1B ndiye chibowo. Hydrogen peroxide ilibe nawo ntchito mpopi. Iyo imatseka chibowo, ndipo poti mpopi umenewu umadontha pang'ono ngakhale insulin palibe, ndowa imayamba kudzaza. Kutsekako kumachitika pa kachidutswa kamodzi kokha ka PTP1B, cysteine ya nambala 215, yomwe sulufule wake sachedwa kugwidwa ndi okosijeni. Ikagwidwa, puloteni yonse imaima kaye. Mu 2001 gulu la Barry Goldstein ku Philadelphia linaonetsa kuti insulin imachita dala zimenezi, ndipo mu 2004 linatchula puloteni ya Nox4 kuti ndi imene imapanga hydrogen peroxide yakeyo. Kwa ine apa ndiye pokoma penipeni pa nkhaniyi: chinthu chimene tinkachiona ngati zinyalala zowononga maselo, thupi limachituma ntchito.

Koma taonani mmene limachitumira. Limapanga pang'ono zedi, pamalo amodzi m'kati mwa selo, kwa mphindi zochepa, kenako zoteteza selo zotchedwa glutathione ndi thioredoxin zimamasula PTP1B kuti ibwerere pantchito. Hydrogen peroxide ikachuluka kwa nthawi yaitali zinthu zimatembenuka. Mapuloteni monga JNK amadzuka n'kulepheretsa IRS-1, selo n'kuleka kumva insulin, lomwe ndi vuto lenileni la matenda a shuga a mtundu wachiwiri. Komanso maselo a mu kapamba opanga insulin ali ndi catalase (puloteni yophwanya hydrogen peroxide) yochepa, choncho savuta kuvulala.

Ya m'botolo singafike n'komwe pa PTP1B. Thovu lija limatuluka mukathira pachilonda ndi catalase ya m'magazi ikuiphwanya kukhala madzi ndi mpweya wa okosijeni. M'mimba zimachitikanso chimodzimodzi. Mililita imodzi ya hydrogen peroxide ya mphamvu ya 3% imatulutsa mpweya wokwana mamililita 10, pamene ya 35%, imene ena amaigulitsa pa intaneti ngati yakumwa, imatulutsa oposa 100. Imawotcha kummero ndi m'mimba, ndipo mpweyawo ukalowa m'mitsempha ungatseke magazi opita kuubongo kapena kumtima. Alipo anthu amene anafa nayo.

Chonde bambo asasiye jakisoni ngakhale tsiku limodzi. Ngati chakuchititsani kufunsa ndi mtengo kapena kusowa kwa insulin, kanenereni zimenezo ku kiliniki ya shuga kumene amapita. Ndipo ngati analawako kale hydrogen peroxide, musawasanzitse, pitani nawo kuchipatala lero lomwe, botololo mulitenge.