Mulibe galimoto, koma maso ndi makutu muli nazo

Mnyamata wina wandilembera imelo kufunsa ngati munthu wopanda galimoto, ngakhale laisensi, angakhale mtolankhani wa zamagalimoto. Achimwene, funso lanuli landilasa pachilonda.

Ine ndinakulira pagalaja ya amalume, ntchito yanga inali kuwapatsira masipanala. Akatsekula boneti sankathamangira kugwira kanthu. Ankapendeketsa mutu, kumvetsera injini, kenako n'kuloza pulagi yomwe yafa. Pansi pa benchi panali katoni ya magazini akale a Motor Sport, othimbirira ndi oilo, omwe kasitomala wina anasiya, ndipo m'menemo ndinakumana ndi Denis Jenkinson, mtolankhani wa zamagalimoto wa ku Britain. Nditakula ndinapita ndi nkhani yanga kwa mkonzi wina. Sanaiwerenge n'komwe, anangondifunsa kuti ndimayendetsa galimoto yanji. Ndinabwerera pa minibasi mtima ukuwawa, ndipo mpaka lero ndimati analakwitsa.

Taonani za Jenkinson. Mu 1955, pa mpikisano wa Mille Miglia ku Italy, kuchoka ku Brescia kukafika ku Rome n'kubwereranso, mtunda wa makilomita pafupifupi 1,600 m'misewu wamba, iye sanagwire chiwongolero. Amene ankayendetsa anali Stirling Moss, galimoto yake Mercedes-Benz 300 SLR nambala 722, chifukwa ananyamuka 7:22 m'mawa. Jenkinson anakhala pambali atanyamula kabokosi kachitsulo, mkati muli pepala lalitali mamita oposa asanu lokulungidwa, pomwe analembapo makona oopsa ndi zitunda zobisa msewu. Phokoso la injini silinkalola kulankhulana, ndiye ankamuuza Moss ndi manja. Anamaliza m'maola 10, mphindi 7 ndi masekondi 48. Dalaivala wotchuka Juan Manuel Fangio, yemwe anali yekha m'galimoto ya mtundu womwewo, anafika wachiwiri patadutsa theka la ola.

Jenkinson kuyendetsa ankadziwa, inde, ndipo mu 1949 anali wokwera m'mbali mwa njinga yamoto ya Eric Oliver pomwe anakhala akatswiri a dziko lonse. Koma nkhani yake ya Mille Miglia yomwe anthu amaiwerengabe mpaka pano anailemba monga munthu woonerera ali pampando wa pambali. Buku lake la 1958, The Racing Driver, ndi chimodzimodzi: zomwe anaona madalaivala akuchita.

Chimandipweteka n'chakuti ambiri olemba zamagalimoto masiku ano amangokopera mtengo ndi liwiro pa intaneti. Galimoto zakale zampikisano sizilembedwa choncho. Uyenera kudziwa amene anaipanga, chomwe chinathyoka, amene anaikonza usiku wonse. Ndipo usabise imfa. Mille Miglia inatha mu 1957 Ferrari ya dalaivala Alfonso de Portago itaphulika tayala n'kupha anthu oonerera, ena mwa iwo ana.

Muyambire pati?

Pezani makanika wachikulire, mukhale naye Loweruka lililonse ndi kope m'manja. Sankhani galimoto imodzi, mulembe mbiri yake yonse. Laisensi mudzatenga ndalama zikapezeka.